KHANSA YA PROSTATE IMENE SIONEKA M'MAGAZI

Masiku ano nkhani ya khansa ya prostate siirinso yachilendo pakati pa anthu ophunzira. Pa wailesi ndi m'manyuzipepala amuna amene apitirira zaka 45 kapena 50 amalangizidwa kawiri-kawiri kuti azipita kuchipatala kukayezetsa magazi, ndipo ambiri mwa awerengi athu anazolowera kale zilembo zitatu zija, PSA. Mwamuna akauzidwa kuti PSA yache iri pansi amabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Malangizo amenewa ali ndi phindu lache, ndipo ife sitiri kuwatsutsa ai. Koma ulipo mtundu wina wa khansa ya chiwalo chomwechi umene kuyeza kotere sikuugwira konse, umene mankhwala otchuka a khansa ya prostate sauchita kanthu, ndiponso umene susankha nkhalamba zokha, pakuti umagwira ngakhale mwana wa zaka zitatu. Madotolo amautcha sarcoma ya prostate.

Nthendayi njosowa ndithu. Mwa amuna akulu 1,000 opezeka ndi khansa yoyambira mu prostate, odwala sarcoma sakwana ndi mmodzi yemwe, kotero kuti dotolo wa matenda a njira ya mkodzo angathe kugwira ntchito kufikira tsiku la penshoni osaiona ndi maso. Wina angafunse kuti, nanga tidzaziranji tsamba lonse ndi nthenda yotere, pamene malungo ndi chifuwa chachikulu ziri kutenga anthu tsiku ndi tsiku? Yankho lathu ndi lakuti kusowa kwacheko ndiko kumene kumaichititsa kukhala yoopsa. Chinthu chimene dotolo sanachionepo sachiganizira msanga. Ndipo pamene iye ali kuyesa izi ndi izo, chotupa chiri kukula sabata ndi sabata. Komanso nthendayi itionetsa pamene pali malire a kuyeza kumene ambiri aife tayamba kukudalira.

MINOFU YA MITUNDU IWIRI

Kuti nkhaniyi imveke tiyenera kuyamba ndi mapangidwe a chiwalocho. Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha, kokhala pansi pa chikhodzodzo, kutsogolo kwa thumbo lotulutsira chimbudzi. Mwa mwamuna wachinyamata kamalemera magalamu ngati 20, ndipo kukula kwache sikusiyana kweni-kweni ndi suku limodzi. Njira ya mkodzo ikachoka m'chikhodzodzo imapyola pakati peni-peni pa kachiwaloka monga ulusi upyola mkanda, ndicho chifukwa chache chotupa chiri chonse cha pamenepo, choopsa kapena chosaopsa, chimayamba ndi kupanikiza mkodzo. Ntchito ya prostate ndiyo kupanga gawo lina la madzi a umuna.

Munthu akadula kachiwaloka nayang'ana ndi maikulosikopu, galasi lija lokuza tinthu tosaoneka ndi maso, amapeza minofu ya mitundu iwiri. Pali timatumba tambiri tating'ono-ting'ono, toyalidwa m'kati ndi maselo amene amapanga madzi aja. Ndipo pali minofu ina yozinga timatumbato ndi kutigwiriziza pamodzi: ulusi wolimba, timitsempha ta magazi, ndi minofu yofinya imene imakankha madziwo panthawi yache. Minofu yachiwiriyi madotolo amaitcha stroma. Tingaifanizire ndi nsichi, mapaso ndi luzi za nyumba ya kumudzi, zimene alendo saziyang'ana, koma popanda izo nyumba siingaime.

Khansa yochokera m'maselo oyala timatumba imatchedwa carcinoma, ndipo ndiyo khansa ya prostate imene ali yense amaidziwa; mwa odwala 100 ali onse, oposa 95 ali ndi mtundu umenewu. Khansa yochokera m'nsichi ndi m'luzi imatchedwa sarcoma, kuchokera ku liu la Chigriki lotanthauza mnofu. Kusiyanitsa kumeneku nkwakale, pakuti Rudolf Virchow wa ku Berlin anakulongosola bwino m'zaka za m'ma 1860. Kuno kwathu dzina la sarcoma tinalimva kwambiri m'zaka zimene Edzi inafika pachimake, chifukwa cha Kaposi sarcoma, ija ya mawanga akuda pakhungu. Koma imeneyo imayamba ndi kachirombo, ndipo chibale chache ndi iyi tiri kunena pano ncha dzina chabe. Sarcoma ya prostate siipatsirana, ndipo mwa odwala ambiri palibe chimene anachita kapena kudya chimene tingachiloze chala. Ochepa okha amaidwala patapita zaka zambiri chilandirire chithandizo cha cheza m'chiuno pa khansa ina.

ZIDA ZITATU ZOSULIDWIRA MDANI WINA

Kuyambira pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse madotolo apeza zida zitatu zazikulu zolimbanira ndi khansa ya prostate, ndipo zonse zitatu zinasulidwa moyang'ana maselo a timatumba.

M'chaka cha 1941 Charles Huggins wa pa University of Chicago, pamodzi ndi Clarence Hodges, anaonetsa kuti carcinoma ya prostate imakula ndi mahomoni achimuna ochokera m'machende. Amuna amene khansa inali itawafika m'mafupa, akawafula kapena kuwapatsa mahomoni achikazi, ululu unkaleka, ndipo ena amene anali chigonere anadzuka nayenda. Pa ntchito imeneyi Huggins analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1966. Lero ambiri safulidwanso ndi mpeni, pakuti alipo majekeseni ochita ntchito yomweyo, koma nzeru yache ikali ija ya Huggins. Tsono sarcoma siidalira mahomoni amenewa. Mwamuna wodwala sarcoma angafulidwe, nataya mphamvu zache zachimuna kwachabe, chotupa chiri kukulabe ngati kuti palibe chachitika.

Chida chachiwiri chinadza m'chaka chomwecho cha 1966, pamene Donald Gleason, dotolo woyesa minofu pa chipatala cha asilikari akale ku Minneapolis, anakonza njira yopatsira khansa ya prostate malikisi. Aphunzitsi adzaimvetsa msanga njira imeneyi: woyesa amayang'ana m'mene timatumba tasokonezekera, napereka nambala, ndipo nambala ikakwera ndiye kuti khansayo njolusa. Mpaka lero dotolo amayang'ana nambala ya Gleason posankha ngati achite opareshoni kapena ayambe wadikira. Koma mu sarcoma mulibe timatumba toti munthu atipatse malikisi. Kawiri-kawiri muli maselo aatali, osongoka uku ndi uku, oyalana m'mitolo ngati udzu wofolera.

Chachitatu ndiyo PSA. Iyi ndi puloteni imene maselo a timatumba amapanga kuti umuna usungunuke utatuluka. Yolowa m'magazi imakhala pang'ono pokha; koma timatumba tikachuruka, tikatupa, kapena tikasanduka khansa, yolowa m'magaziyo imachurukanso. Akatswiri a pa Roswell Park ku Buffalo, m'dziko la America, anaipatula m'chaka cha 1979. Boma la kumeneko linaloleza kuyeza PSA m'chaka cha 1986 pofuna kulondola odwala amene anali atapezeka kale, ndipo m'chaka cha 1994 linalolezanso kuti kuyezako kuthandize pofunafuna khansa mwa amuna amene sanayambe kudwala. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Maselo a nsichi ndi luzi sapanga PSA. Chotero mwamuna angakhale ndi chotupa chachikulu ngati nkhonya ya munthu wamkulu, chimene chatseka mkodzo ndi kupanikiza thumbo, koma pepala la ku laboratale nkuonetsa nambala ya munthu wa bwino-bwino. Pepalalo silinama ai. Liri kuyankha funso limene linafunsidwa, lakuti timatumba tiri bwanji. Funso la nsichi silinafunsidwe.

MWA AMUNA AKULU

Mwa akulu mtundu wopezeka koposa ndi leiomyosarcoma, yochokera m'minofu yofinya ija. Kusowa kwache tingakuone pa ziwerengero za zipatala zazikulu za ku America, kumene odwala khansa amafika m'zikwi-zikwi. Madotolo a pa Mayo Clinic ku Minnesota, polemba za nthendayi m'chaka cha 1995, anasonkhanitsa odwala 23 okha. A pa M. D. Anderson ku Houston analemba m'chaka cha 2001 za amuna 21 odwala sarcoma ya prostate ya mitundu yosiyana-siyana, amene anawaona pa zaka ngati 30. Mwa kawerengedwe kao, okhala ndi moyo patapita zaka 5 anali 38 pa 100 ali onse. Yerekezani ndi carcinoma yopezeka isanafalikire, imene m'dziko lomwelo pafupi-fupi onse amapyola nayo zaka zisanuzo.

Ziwerengero za anthu 21 kapena 23 sizilemera ngati za anthu zikwi, pakuti odwala awiri akachira kapena akafa nambala yonse imasuntha. Odwala ngochepa kwambiri mwakuti nkosatheka kuwagawa m'magulu ndi kupikisanitsa mankhwala monga amachitira pa khansa zofala. Chotero madotolo amabwereka nzeru ku sarcoma za ziwalo zina, monga za pantchafu ndi za m'chibaliro.

Zizindikiro poyamba sizisiyana ndi za kukula kwa prostate kwa ukalamba, kumene si khansa konse: mkodzo kutuluka mofooka, kudzuka-dzuka usiku, kukankha pokodza. Zosiyanitsa zazikulu ndi liwiro ndi msinkhu. Prostate ya ukalamba imabvuta pang'ono-pang'ono kwa zaka zambiri, mwini wache nkufika poizolowera. Sarcoma imathamanga. Mwamuna amene pa Krisimasi ankakodza bwino, pofika Pasaka mkodzo watsekeka, ali kumva ululu pakati pa miyendo akakhala pansi, chimbudzi chiri kubvuta, mwina m'mkodzo muli magazi. Ndipo mwina ali ndi zaka 30 kapena 40 zokha, msinkhu umene prostate siiyenera kutseka mkodzo wa munthu. Dotolo akapima ndi chala kudzera kumbuyo amapeza chiwalo chachikulu kwambiri, nthawi zina chofewa, chosiyana ndi kuuma konga mwala kwa carcinoma. Kufalikira kwachenso nkwina: carcinoma imakonda mafupa a msana ndi a m'chiuno, pamene sarcoma imayenda ndi magazi nifika msanga m'mapapo, kenaka m'chiwindi ndi m'mafupa.

Chithandizo cheni-cheni ndi mpeni. Chotupa chiyenera kuchotsedwa chonse, pamodzi ndi mnofu wabwino wochizinga, osachiboola. Madotolo a ku Houston aja anapeza kuti amene anakhala nthawi yaitali ndi amene khansa inali isanafalikire, ndiponso amene m'mphepete mwa mnofu wochotsedwa munalibe maselo a khansa. Koma m'chiuno mwa mwamuna malo ngochepa. Prostate njothinana ndi chikhodzodzo, thumbo, ndi mitsempha yoyendetsa mphamvu zachimuna. Chotero kawiri-kawiri dotolo amachotsa chikhodzodzo pamodzi ndi prostate, ndipo nthawi zina ndi thumbo lomwe, wodwala nkumakhala ndi thumba pamimba moyo wache wonse. Mankhwala a m'mitsempha monga doxorubicin ndi ifosfamide, ndiponso cheza, amathandiza kuchepetsa chotupa opareshoni isanachitike kapena kusesa zotsalira, koma pa okha sikawiri-kawiri kuchiritsa munthu wamkulu.

Ngozi yaikulu imagwa pamene sarcoma yayesedwa kukula kwa ukalamba. Opareshoni yozolowereka ya bvuto limenelo ndi kupala prostate kudzera m'njira ya mkodzo kuti njirayo itseguke. Wodwala amapeza bwino, napita kwao ali kuthokoza. Patapita miyezi iwiri kapena itatu wabweranso, njira yatsekekanso. Ngati zopalidwa zija zinatumizidwa kukayesedwa, nthendayo imadziwika pa ulendo woyamba. Ngati zinatayidwa, miyezi imeneyo yapita osabweranso, ndipo pa nthenda iyi mwezi umodzi ngokwera mtengo. Maganizo athu ndi akuti mnofu uli wonse wochotsedwa mu prostate uyenera kufika pa maikulosikopu, ngakhale dotolo atakhulupirira motani kuti yankho alidziwa kale.

CHOTUPA CHOSADZIWIKA KHALIDWE

Ngakhale pa maikulosikopu zinthu sizikhala zapafupi nthawi zonse. M'chaka cha 1998 oyesa minofu atatu, Paul Gaudin, Juan Rosai ndi Jonathan Epstein, anafotokoza zotupa 22 zochokera mu stroma ya prostate. Zina zinali sarcoma zosakaikitsa. Koma zambiri zinali za pakati-kati: maselo ache achilendo, koma osachita ngati khansa yolusa. Zotupa zimenezi lero zimatchedwa STUMP, chidule cha mau a Chingerezi otanthauza chotupa cha stroma chimene sichidziwika ngati chidzakhala choopsa. Ndi dzina loona mtima, pakuti sikawiri-kawiri akatswiri kulemba kukaika kwao m'dzina la nthenda. M'chaka cha 2006 Epstein ndi mnzache Mehsati Herawi, pa Johns Hopkins ku Baltimore, anawerenganso odwala 50, a zaka zoyambira 27 kufikira 83, napeza kuti zotupa zina zimakhala chete zaka zambiri, zina zimabwerera zikachotsedwa, ndipo m'zina muli kale sarcoma yobisala pambali.

Taganizani za mwamuna wa zaka 40 wouzidwa mau amenewa. Singano yotengera mnofu imatulutsa kanthu konga ulusi, ndipo chimene chiri pafupi ndi pamene inabaya sichioneka. Akabvomera kuchotsa prostate yonse, angathe kutsala wosagwira mkodzo bwino kapena wopanda mphamvu m'banja, chifukwa cha chotupa chimene mwina sichikanamchita kanthu. Akasankha kudikira, ayenera kumajambulidwa ndi kubayidwa kawiri-kawiri, ali kudziwa kuti mwina mdani ali kale m'nyumba. Madotolo amayang'ana msinkhu wa munthu, kukula kwa chotupa ndi liwiro lache. Koma mau otsiriza amakhala a mwini thupi ndi a kubanja kwache.

Palinso zotupa zimene zimabvala nkhope ya sarcoma ya prostate. China chimachokera m'khoma la thumbo, nichikankha prostate mpaka singano ya dotolo imabaya icho. Chimatchedwa GIST, ndipo kuyambira m'chaka cha 2002 alipo mankhwala akumwa, imatinib, amene amachiphwetsa kwambiri, nthawi zina mpaka opareshoni yaikulu nkupewedwa. China ndi carcinoma imene yangosintha maonekedwe. China ndi kachotupa kosaopsa konse kamene kamamera pa bala la opareshoni ya posachedwa. Kuti asiyanitse zonsezi, woyesa amapaka mnofu mankhwala apadera amene amaonetsa mtundu akakumana ndi puloteni yache-yache: desmin imaloza minofu yofinya ndi yokoka, CD117 imaloza GIST, myogenin imaloza khansa ya ana imene tinene tsopano. Mwa odwala awiri a zotupa zofanana pa chithunzi, wina angafunike mapiritsi, wina mpeni, ndipo chowasiyanitsa ndi kadontho ka utoto pa kagalasi.

ANA

Mbali ya nkhaniyi imene imadabwitsa anthu ambiri ndi ya ana. Mwana wamwamuna amabadwa ndi prostate, ngakhale iri yaing'ono ndi yosagwira ntchito, ndipo khansa ya chiwalochi ikapezeka mwa iye imakhala pafupi-fupi nthawi zonse rhabdomyosarcoma. Iyi imachokera m'maselo osakhwima amene amafanana ndi oyambira a minofu yokoka, yonga ya pamkono. Imamera mu prostate kapena m'munsi mwa chikhodzodzo, ndipo ikakula nkobvuta kunena pamene inayambira, chotero madotolo amawerenga malo awiriwa pamodzi. Odwala ambiri ndi ana osakwana zaka 5.

Kufikira cha m'ma 1960 chithandizo chodalirika chinali mpeni. Opareshoni yochotsa zonse za m'chiuno, imene Alexander Brunschwig wa ku New York anaifotokoza m'chaka cha 1948 pa khansa za akulu, inachitidwanso pa tiana. Ngakhale zinali chotero, cha m'ma 1970 mwa ana 4 odwala rhabdomyosarcoma ya chiwalo chiri chonse, mmodzi yekha ndiye ankapulumuka. Mankhwala atsopano anathandiza, koma chimene chinasintha zinthu koposa ndi mgwirizano. Poona kuti palibe chipatala chimodzi chingaone ana okwanira kuti chiphunzirepo kanthu, zipatala za ana za ku America zinapangana m'chaka cha 1972 kuti zizithandiza odwala onse mwa dongosolo limodzi ndi kulemba zotsatira m'buku limodzi. Ntchito imeneyi inatchedwa Intergroup Rhabdomyosarcoma Study, ndipo inayenda m'magawo otsatizana, gawo liri lonse lomanga pa zimene zinaphunziridwa m'gawo lapitalo.

Maziko a chithandizo anali mankhwala atatu operekedwa pamodzi: vincristine, actinomycin D ndi cyclophosphamide. Actinomycin anaipeza ndi Selman Waksman m'chaka cha 1940 mwa tizirombo ta m'dothi. Cyclophosphamide inapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1950. Vincristine, imene inalolezedwa m'chaka cha 1963, imachokera ku kaduwa ka ku Madagascar, Catharanthus roseus, kamene ambiri aife tabzala pakhomo ndi pabwalo la sukulu osadziwa mbiri yache: ka masamba obiriwira onyezimira, maluwa ache oyera kapena ofiirira a timapiko tisanu. Pano tiyenera kuima ndi kuchenjeza. Asapezeke munthu wophika masamba amenewa kuti amwetse mwana. Mankhwala a m'masambamo ngochepa zedi, osakanizika ndi poizoni, ndipo vincristine imagwira ntchito pokha-pokha itayeretsedwa m'fakitale ndi kuperekedwa m'mtsempha pa muyeso wache.

M'gawo lachinai la ntchito ija, limene linatha m'chaka cha 1997, munali ana 88 a chotupa cha chikhodzodzo kapena prostate chimene chinali chisanafalikire kutali. Patapita zaka 6, okhala ndi moyo anali 82 pa 100 ali onse. Amene anaona masiku a mpeni wokha sakanakhulupirira nambala yotere. Koma madotolo omwewo atafunsa funso lachiwiri, lakuti ndi angati amene ali ndi chikhodzodzo chogwira ntchito bwino, anapeza 40 pa 100 okha. Ena chinachotsedwa, ena chiripo koma cheza chinachiumitsa, mwana nkumadzikodzera m'kalasi. Cyclophosphamide yambiri imaononga mbeu ya mwamuna, ndipo cheza chimachedwetsa kukula kwa mafupa a m'chiuno. Mwana wochira ali ndi zaka 3 atsala ndi zaka 60 kapena 70 zoti akhale ndi thupi limenelo. Nchifukwa chache madotolo ena, makamaka a pa Gustave Roussy pafupi ndi Paris, anakonza njira yodula pang'ono pokha ndi kuika gwero la cheza m'kati mweni-mweni mwa chiwalo kwa masiku owerengeka, kuti ziwalo zoyandikana zisapse.

M'mabuku a ana odwala rhabdomyosarcoma munatulukanso chinthu china. M'chaka cha 1969 Frederick Li ndi Joseph Fraumeni anapeza mabanja 4 m'mene ana anadwala sarcoma, ndi abale ao ena, makamaka amai, nadwala khansa ya m'mawere ndi zina akali aang'ono. M'chaka cha 1990 kunadziwika kuti choyambitsa ndi chilema chotengera ku mtundu pa jini yotchedwa TP53. Mabanja otere ngochepa, koma ndicho chifukwa chache dotolo wa ana amafunsa za matenda a agogo ndi a malume.

LIKODZO NDI KABOTOLO

Zonse tafotokozazi zinaphunziridwa m'zipatala za kutali, koma pali chifukwa chimene nkhaniyi iyenera kumveka mwapadera kuno. M'madera a m'mphepete mwa nyanja ndi a kuchigwa cha Shire, magazi m'mkodzo wa mnyamata ndi chinthu chozolowereka chifukwa cha likodzo, mwakuti makolo ena sachiyesanso nthenda. Aphunzitsi ambiri athandizapo kugawa mapiritsi a praziquantel m'sukulu, ndipo nzoona kuti pafupi-fupi ana onse okodza magazi m'madera amenewa ndi a likodzo ndithu. Koma mwana wamng'ono amene amakankha nalira pokodza, amene mkodzo uli kungodontha kapena watsekeka, amene m'munsi mwa mchombo muli chotupa cholimba, kapena amene wamwa mankhwala a likodzo koma ali kunkabe m'tsogolo ndi kudwala, ameneyo asangopatsidwa mapiritsi kachiwiri ndi kachitatu. Afunika kujambulidwa m'mimba ndi makina a sikani, ndi kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe pali zigawo za khansa ya ana, ndipo vincristine ndi actinomycin si mankhwala achilendo kumeneko, pakuti ndi omwe amaperekedwa pa chotupa cha impso cha ana chotchedwa Wilms.

Sitiri kunena kuti Boma liyambe kufunafuna sarcoma mwa anthu onse. Kutero kungakhale kutaya ndalama, pakuti njira yoifufuzira mwa anthu osadwala kulibe. Chofunika nchaching'ono ndi chosatchuka: kabotolo ka formalin, mankhwala osungira mnofu kuti usaole, m'chipinda cha opareshoni cha chipatala cha pa boma, dzina la wodwala lolembedwa bwino, galimoto yokafikitsa, ndi yankho lobwerera kwa mwini wache. Kwa zaka zambiri mnofu wochokera m'dziko lonse unkadalira oyesa ochepa a ku Blantyre, kufikira m'chaka cha 2011 pamene laboratale ina inatsegulidwa pa Kamuzu Central mothandizana ndi University of North Carolina. Amene amagawa ndalama za m'zipatala amakopeka msanga ndi nyumba ndi makina akulu-akulu, ndipo sitiwadzudzula. Koma makina a cheza sathandiza kweni-kweni munthu amene nthenda yache yatchulidwa dzina lolakwa.

Mwamuna amene sanafike zaka 50 koma mkodzo wamtsekera, kapena amene anapalidwa prostate njira nitsekekanso m'miyezi yowerengeka, asakhazike mtima pansi chifukwa cha pepala la PSA lokha. Ali ndi ufulu wofunsa ngati mnofu wache unatumizidwa, ndi kuona yankho lolembedwa. Nthawi zambiri chifukwa chidzapezeka kuti nchina, monga chipsera cha m'njira ya mkodzo chotsalira ku chinzonono cha kale kapena ku ngozi, chimene chiri chofala kwambiri kuposa sarcoma. Koma zimenezo anene ndi dotolo atapima. Ndipo wopezeka ndi sarcoma nachitidwa opareshoni adziwe kuti kulondola kwache kudzasiyana ndi kwa anzache a m'wodi. Iwo azidzayezedwa magazi. Iye azidzajambulidwa m'chiuno ndi m'chifuwa miyezi itatu kapena inai iri yonse pa zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, pakuti nthendayi ikabwerera imaonekera pamalo pamene inali kapena m'mapapo, ndipo kachotupa kamodzi ka m'mapapo kopezeka msanga nthawi zina kangathe kudulidwa.